Nyumba ya kumtunda ndi madzi osefukira: kodi inshuwalansi imafika pati?

Mukamufunsa munthu amene anamanga cha ku Kaphatenga kapena ku Khombedza m'boma la Salima ngati amada nkhawa ndi madzi osefukira, sachedwa kuyankha: "Ife tili kumtunda, zimenezo ndi za anzathu a kunyanja." Sikuti akunama ayi. Nyanja itakwera modetsa nkhawa mu 2024, amene anaona madzi akukwera khonde ndi a ku Senga Bay ndi ena okhala m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Mangochi. Kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho, mtsinje wa Dwangwa utasefukira ku Nkhotakota, anthu zikwizikwi amene anathawira m'misasa anali a m'zigwa zoyandikana ndi mitsinje. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasakaza kwambiri kummwera. Ndiye munthu wa kumtunda akamva za inshuwalansi ya madzi osefukira, amangoti ili ndi eni ake.

Ine ndimaiona mosiyana. Inshuwalansi imeneyi imamukomera kwambiri wa kumtunda yemweyu kuposa wa kudambo, chifukwa ndi iye amene kampani ingamulandire mosavuta komanso pa mtengo woti n'kukwanitsa. Koma imathandiza pokhapokha mawu a m'chikalata cha inshuwalansicho ndi ndalama yolembedwamo zili m'malo mwake, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa.

Tiyambe ndi madziwo. Madzi ogwetsa nyumba amabwera m'njira zitatu, koma ife timawerengera ziwiri zokha. Yoyamba ndi nyanja kukwera, pang'onopang'ono, kwa miyezi. Yachiwiri ndi mtsinje kudzaza n'kutaya. Salima ili pachigwa, kunsi kwa mapiri a Dowa ndi Dedza. Linthipe amachokera ku Dedza, ndipo asanafike kunyanja amalandira mtsinje wa Lilongwe umene wayambira ku Dzalanyama n'kudutsa mumzinda wonse wa Lilongwe. N'chifukwa chake kuno kumatha kukhala kuli ngwee, dzuwa likuswa mtengo, koma mtsinje n'kumabwera uli thothotho ndi mvula imene inagwa kwa eni ake dzulo.

Njira yachitatu ndi imene imapeza wa kumtunda. Mvula yamphamvu ikagwa kwa maola awiri kapena atatu pamalo amodzi, madzi amafuna kolowera. Dothi la makande, limene lili m'madera ambiri a chigwa chino, likakhuta silimwanso madzi. Kalavati ya pamsewu yatsekeka ndi mchenga ndi mapepala apulasitiki. Mnzanu wa kumtunda kwanu wamanga mpanda wa njerwa pamene kale madzi ankadutsa. Msewu anaukweza pokonza, ndipo nyumba imene inali pamalo abwino zaka khumi zapitazo tsopano ili ngati m'mbale. Madzi oterewa safuna mtsinje. Amangofika m'mawondo, n'kuphwa tsiku lomwelo, wailesi osalengeza n'komwe. Koma matumba a chimanga anyowa, firiji yapsa, mipando yafufuma, ndipo khoma limene linamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti layamba kunyenyeka kunsi.

Chiopsezo chochepa si kusowa kwa chiopsezo

Akatswiri a za madzi ali ndi kawerengedwe kamene kamasokoneza anthu ambiri. Amakamba za chigumula cha kamodzi pa zaka 100. Munthu akamva choncho amaganiza kuti chikabwera chaka chino ndiye kuti adzukulu ake okha ndi amene adzachionenso. Tanthauzo lake si limenelo. Ndi lakuti chaka chilichonse pali mpata umodzi pa 100 woti chibwere, kaya chinabwera chaka chatha kapena ayi. Mukawerengera zaka 30 zokhala m'nyumba imodzi, mpatawo umafika pafupifupi 26 pa 100, kapena kuti nyumba imodzi mwa zinayi. Ngakhale malo amene amati ndi a kamodzi pa zaka 500, pa zaka 30 mpata wake umayandikira 6 pa 100. Ndi wochepa, inde, koma nyumba ya njerwa zootcha ndi malata munthu amamanga kamodzi pa moyo wake, nthawi zambiri ndi ndalama ya penshoni kapena ya zaka zambiri za thonje, mpunga ndi geni.

Kawerengedwe kameneka amakagwiritsa ntchito kwambiri ku America, ndipo ndi bwino kudziwa za kumeneko chifukwa zambiri zimene mungawerenge pa intaneti za nkhaniyi ndi zawo, osati zathu. Kumeneko inshuwalansi wamba ya nyumba siphatikiza madzi osefukira. Makampani anakana kalekale kulandira ngozi ya madzi, mpaka boma linakhazikitsa thumba lapadera mu 1968, lotchedwa National Flood Insurance Program, limene masiku ano limayang'aniridwa ndi bungwe la FEMA. Ali ndi mapu ogawa madera, ndipo amene ali m'dera loopsa kwambiri n'kukhala ndi ngongole ya nyumba yokhudzana ndi boma amakakamizidwa kugula. Wa dera la chiopsezo chochepa amasankha yekha, ndipo akagula nthawi zambiri amadikira masiku 30 kuti iyambe kugwira ntchito. Ku Britain nako, boma ndi makampani anagwirizana n'kuyambitsa thumba lotchedwa Flood Re mu 2016 kuti nyumba za m'madera osefukira zisamakanidwe. Kuno kwathu kulibe thumba lotere la nyumba za anthu wamba. Zonse zili pakati pa inu ndi kampani.

Chifukwa chimene makampani amaopera madzi n'chosavuta kumva mukaganizira gulu lothandizana pa maliro. Anthu 50 akamasonkha mwezi ndi mwezi, thumba limakwanitsa chifukwa zovuta sizigwera onse tsiku limodzi. Moto uli chimodzimodzi: umatentha nyumba imodzi, zina n'kutsala. Koma madzi akabwera amalowa mudzi wonse usiku umodzi, ndipo onse amafika pakhomo la kampani m'mawa womwewo. Vuto lina n'lakuti amene amathamangira kukagula ndi okhawo amene akudziwa kuti kwawo kumasefukira chaka ndi chaka. Thumba la anthu otere lokhalokha silingalimbe. Kuti lilimbe pamafunika anthu ambiri amene madzi amawapeza mwa apo ndi apo, ndipo ameneyo ndi inu wa kumtunda. Makampaniwo nawonso amakagula inshuwalansi kwa makampani akuluakulu, ena a kunja, kuti chaka cha namondwe asagwe. Mtengo umene akuluakuluwo amawalipiritsa umadzafika m'thumba lanu, ndipo zaka za anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu 2023 zaonetsa aliyense kuti dera lathu lino si lofatsa ngati kale.

Zimene zili m'chikalata

Makampani a inshuwalansi ya katundu alipo angapo m'dziko muno, monga NICO General, Britam, General Alliance ndi Reunion, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Munthu wa ku Salima angawapeze ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kapena kudzera kwa ejenti, kwa broker, ngakhalenso kubanki. Ejenti amagulitsira kampani yake. Broker amayenera kukhala mbali yanu, kukufunirani mitengo ku makampani angapo. Onse awiri ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo si mwano kupempha kuti muchione.

Mosiyana ndi ku America, kuno madzi osefukira sagulitsidwa kawirikawiri paokha. Amalowa m'chikalata cha nyumba, pamodzi ndi mphepo ya mkuntho ndi mvula yamphamvu. Koma si chikalata chilichonse chili nawo. Inshuwalansi ya moto yeniyeni imateteza ku moto, mphezi ndi kuphulika kwina. Zina zonsezo ndi zoonjezera, ndipo ngati sizinalembedwe ndiye kuti palibe. Munthu akhoza kulipira zaka zisanu mokhulupirika, mumtima ali phee kuti nyumba ili pa inshuwalansi, tsiku la madzi n'kuuzidwa kuti anagula ya moto basi. Chikalatacho chimalembedwa m'Chingerezi, ndiye fufuzani ndi maso anu mawu akuti flood ndi storm, ndipo muuze wogulitsayo akulozereni ndi chala pamene alembedwa.

Kenako pali kusiyana kwa nyumba ndi katundu wa m'nyumba. Ya houseowners ndi ya chimango: makoma, denga, zitseko, mawindo, pansi. Ya householders ndi ya zimene mungatuluke nazo posamuka: mipando, mabedi, zovala, wailesi yakanema, firiji. Kwa wa kumtunda kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa madzi a m'mawondo aja kawirikawiri amasiya nyumba ili chiimire koma katundu atatheratu. Amene ali pa lendi, inshuwalansi ya alandilodi siikhudza katundu wake ngakhale pang'ono. Iye angagule ya katundu yokha. Amene anamanga kapena kugula nyumba ndi ngongole ya kubanki mwina ali kale ndi inshuwalansi osadziwa bwino, popeza mabanki amafuna kuti nyumba ya chikole ikhale yotetezedwa. Komabe banki imasamala za ngongole yake. Pitani mukapemphe kope la chikalatacho muone ndalama imene inalembedwa ndi chaka chimene inalembedwa.

Pa ndalama yolembedwayi ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali msampha waukulu m'zaka zino. Ndalama imene mumalemba siyenera kukhala imene munamangira nyumba, kapena imene mungaigulitsire. Iyenera kukhala imene mungamangirenso nyumba yomweyo lero, ndi mitengo ya lero ya simenti, malata, matabwa, mchenga ndi amisiri. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wagulako thumba la simenti kuchokera nthawi imeneyo akudziwa chimene chinachitika. Munthu amene analemba ndalama yake mu 2020 n'kumangolipira chaka ndi chaka osasintha, ali ndi chikalata chimene chafota m'manja mwake iye osazindikira.

Wina anganene kuti palibe kanthu, chifukwa madzi sagwetsa nyumba yonse, ndipo ndalama yolembedwayo ikwanabe kukonzera khoma limodzi. Si mmene zimayendera. M'zikalata zambiri muli lamulo lotchedwa average. Tiyerekeze kuti nyumba yanu ingamangidwenso ndi K40 miliyoni, koma inu munalemba K20 miliyoni. Madzi awononga za K10 miliyoni. Inu mukuganiza kuti 10 ali mkati mwa 20, ndiye alipira yonse. Kampani imati ayi: munateteza theka la nyumba, theka linalo munadzisenzetsa nokha, choncho ife tilipira theka la zowonongeka, K5 miliyoni. Poyamba zimamveka ngati nkhanza, koma ganizirani gulu la maliro lija. Ngati wina amasonkha theka koma tsiku la zovuta akufuna chithandizo chathunthu, amene akudyeredwa masuku pamutu ndi anzake osonkha mokwanira. Lamulolo lili ndi nzeru yake. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti ogulitsa ambiri salifotokoza pa tsiku logulitsa, ndipo munthu amalimva koyamba ataima m'matope.

Pa K5 miliyoni ija adzachotsanso excess, ndalama yoyamba imene mwini nyumba amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Imatha kukhala ndalama yokhazikika kapena gawo la zowonongekazo. Mukavomera excess yaikulu, ndalama yolipira pachaka imatsikako. Kwa munthu wa kumtunda amene ali ndi kangachepe kosungira, ndimaona kuti kusinthana kumeneku n'kwabwino: zing'onozing'ono muzikonza nokha, inshuwalansi ikhale ya tsiku limene simungathe kudzuka panokha.

Zimene kampani ingakane

Inshuwalansi imalipira ngozi yadzidzidzi. Siilipira kukalamba kwa nyumba. Chinyezi chimene chakhala chikukwera khoma zaka zitatu chifukwa womanga sanaike pepala lotchinga madzi pa maziko si madzi osefukira. Denga lodontha chifukwa malata anachita dzimbiri si mkuntho. Ming'alu yobwera chifukwa makande amafufuma dzinja n'kuuma chilimwe, imene eni nyumba ambiri kuno akuidziwa, nthawi zambiri imawerengedwa ngati kusuntha kwa nthaka, ndipo zimenezo zimakhala kunja kwa chikalata pokhapokha mutazigula mwapadera. Mpanda ndi geti, zimene zimayamba kugwa madzi akathamanga, m'zikalata zambiri zimachotsedwa pa nkhani ya madzi ndi mphepo. Ngati muli ndi okala kutsogolo kwa nyumba, kapena mumasunga matumba a mpunga wogulitsa m'chipinda china, umenewo ndi katundu wa bizinesi ndipo amafuna kulembedwa payekha.

Palinso nkhani ya chilungamo pa fomu. Adzakufunsani ngati malowo anasefukirapo, nyumba inamangidwa ndi chiyani, ili kutali bwanji ndi mtsinje. Pamakhala chiyeso choti munthu abise kuti mtengo utsike. Musatero. Tsiku la ngozi kampani imatumiza munthu wodzayeza zowonongeka, ndipo iye amafunsa anthu oyandikana nanu, amaona zizindikiro za madzi akale pakhoma. Akapeza kuti munabisa, pangano lonse likhoza kuthetsedwa, ndalama zonse zimene munalipira n'kupita pachabe.

Ndiyenera kunenanso chinthu chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi. Nyumba zambiri m'midzi ya kwa Khombedza, kwa Kalonga, kwa Pemba kapena kwa Ndindi ndi za zidina, zina zofolera ndi udzu. Zimenezi ndi zimene zimagwa msanga mvula ikakhalitsa, ngakhale popanda mtsinje, ndipo ndi zomwezo zimene makampani safuna kulandira, kapena amazilipiritsa mokwera. Kwa banja lotere, ndalama imene ikanapita ku inshuwalansi ndi bwino ipite pokweza maziko, kuzira khoma ndi simenti kunsi, kutalikitsa denga kuti mvula isamamenye khoma, ndi kukumba ngalande yozungulira nyumba. Ngakhale kwa mwini nyumba ya njerwa zootcha, ntchito zimenezi ndi zoyambirira. Kampani imabweza ndalama. Sibweza makalata a sukulu a ana amene anyowa, kapena masabata ogona kwa achibale.

Ena amati boma lilipo, lidzatithandiza. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imafikadi kudzera ku khonsolo, ndipo ntchito yake ndi yopulumutsa moyo: ufa, nyemba, mabulangete, zidebe, mapepala ofolera, malo ongoyembekezera. Siimangira munthu nyumba ya zipinda zitatu. Thandizolo limayambanso kumene kwavuta kwambiri, m'misasa, ndipo nyumba ziwiri zitatu za kumtunda zimene zalowa madzi a kalavati sizikhala patsogolo pa mndandanda. Boma nalo limagula inshuwalansi yakeyake, monga ya chilala ya bungwe la African Risk Capacity imene inalipira dziko lino madola 8.1 miliyoni a ku America pambuyo pa chilala cha 2016. Imeneyo ndi yodyetsera anthu, si ya khoma lanu.

Madzi akalowa

Choyamba ndi moyo: kutulutsa ana ndi okalamba, kuzimitsa magetsi pa meni switchi ngati mungafikepo osaponda madzi. Kenako, musanayambe kukolopa, jambulani ndi foni. Jambulani mzere umene madzi asiya pakhoma, chipinda chilichonse, katundu aliyense. Dziwitsani kampani kapena broker wanu msanga, chifukwa chikalata chimakhala ndi malire a masiku. Chotsani zimene zingapitirire kuwonongeka, ziikeni pouma, koma musataye zowonongekazo kapena kuyamba kumanga wodzayeza uja asanafike. Malisiti amathandiza kwambiri, ndipo popeza pepala ndi loyamba kunyowa, ndi bwino kuwajambula lero lomwe n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wanu pa WhatsApp, pamodzi ndi chikalata cha inshuwalansicho. Kalata ya amfumu kapena ya ku khonsolo yotsimikiza za tsikulo siipweteka kukhala nayo.

Akakana kulipira, pemphani kuti alembe chifukwa chake, ndi ndime ya m'chikalata imene aimirapo. Mukaona kuti simunathandizidwe mwachilungamo, dandaulo limayamba ku kampani komweko, ndipo likakanika limapita ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank, imene imalandira madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito mabanki ndi makampani a inshuwalansi.

Nanga ndani ayenera kugula? Mmene ndikuonera, ngati muli ndi nyumba ya njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, yofolera malata, ndipo mukudziwa mumtima kuti itagwa mbali imodzi simungaimangenso m'zaka ziwiri popanda kugulitsa munda kapena kuimitsa mwana sukulu, pitani mukafunse mtengo. Kufunsa n'kwaulere. Ndalama yolipira pachaka imawerengedwa ngati kagawo kakang'ono ka ndalama yolembedwa ija, ndipo m'chikalata chomwecho mumalowanso moto ndi mphepo yosasula denga, zimene kwa wa kumtunda zimachitika kawirikawiri kuposa madzi. Funsani makampani awiri kapena atatu, ndipo musayerekeze mtengo wokha; yerekezani excess, nkhani ya mpanda, ndiponso ngati amalipira mtengo wa chinthu chatsopano kapena amachotsera kukalamba kwake.

Musanapite, yendani pamalo panu tsiku la mvula, kapena kumbukirani dzinja lapitali. Madzi a padenga amapita kuti? A kumsewu amalowera mbali iti? Funsani agogo a m'mudzimo amene anakhalapo inu musanagule puloti. Iwo amadziwa pamene kale panali dambo, pamene ankadzala mpunga, ndi chaka chimene madzi anafika pa mtengo wa mango uja. Mupezenso mmisiri wodalirika akuwerengereni ndalama yomangiranso nyumbayo ndi mitengo ya mwezi uno.

Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi Seputembala kapena Okutobala, kunja kuli gwaa. Kampani siilandira nyumba imene madzi ali kale pakhomo, ndipo a zanyengo akalengeza kuti namondwe ali m'njira, ikhoza kuyamba yaima kulemba anthu atsopano. Chikalata chimakhala cha miyezi 12. Mukachiyamba mu Okutobala, tsiku lochikonzanso lizifika chaka chilichonse mvula isanagwe, ndipo tsiku lomwelo ndi loti mufunsenso mtengo wa thumba la simenti ndi lata limodzi, n'kusintha ndalama yolembedwa ija musanasaine.